Wofulumira ndi Wodekha pa Tebulo la Snooker: Ochemerera Amakanganiranji?

NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu yophunzira za masewero a m'maiko ena. Lero tili pa tebulo lobiriwira la snooker, mchimwene wake wa pool imene ambirife timaidziwa m'malo ochezera. Masewerowa ali ndi otsatira ochuluka ku Britain, ku Ireland ndi ku China, ndipo pakati pa otsatirawo pali mkangano umene wadutsa mibadwo. Pali osewera ena ochedwa, ouma mtima, amene amapambana pomutsekera mnzawo njira mpaka atatopa. Ochemerera ena amati amenewa ndiwo akatswiri enieni. Ena amati akupha masewero. Mu situdiyo muno ndili ndi bambo amene akhala akutsatira snooker kwa zaka zambiri. Takulandirani bambo.

MLENDO: Zikomo mayi, ndipo moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Ndiululiretu mbali yanga bambo, kuti omvera asandiyese woyimbira. Ine ndili ndi gulu lotopa. Ndikatsegula kanema ndimafuna ndione mipira ikulowa m'maenje, osati munthu akungozungulira tebulo, kupaka choko, kuwerama, kudzukanso, kupakanso choko.

MLENDO: Simuli nokha mayi, gulu lanulo n'lalikulu ndipo lili ndi mfundo. Koma tisanaweruze, omvera ayambe aliona tebulolo. Ndi lalikulu, mamita pafupifupi 3.6 m'litali ndi 1.8 m'lifupi. Maenje ake ndi 6 ngati a pool, koma ndi othina kukamwa, moti mpira ukalakwika pang'ono chabe umagunda pakhomo n'kubwerera. Pa tebulo pamakhala mipira yofiira 15, yamitundu ina 6, ndi woyera umodzi umene onse awiri amamenya ndi ndodo. Wofiira uliwonse ndi pointi imodzi. Wachikasu ndi 2, wobiriwira 3, wabulauni 4, wabuluu 5, wapinki 6, wakuda 7. Umayamba walowetsa wofiira, kenako wamtundu wina, wofiira, wamtundu wina. Yofiira ikalowa yalowa, koma inayo amaibwezera pamalo pake mpaka yofiira itatha. Ukakhala kuti pa wofiira aliyense ukutsatiza wakuda, n'kusesa yonse yotsala osaphonya, umapeza mapointi 147.

WOULUTSA: Ndiye kuti ukamalowetsa, mnzako sapatsidwa mpata?

MLENDO: Mwafika pamene pagona nkhani. Pambali pa tebulo pamakhala mipando iwiri. Iwe ukamalowetsa mipira, mnzako amakhala pampando, manja pamiyendo. Sangakutchinge, sangakulande ndodo, sangachite chilichonse. Ndipo akatswiri a masiku ano ukawapatsa mpata umodzi wokha, amatha kutenga gemu yonse iwe usanadzukenso. Gemu imodziyo eni ake amati frame. Tsono wosewera aliyense ali ndi mafunso awiri. Loyamba, ndilowetse bwanji mpira uwu? Lachiwiri, ndikauphonya ndimusiyira chiyani mnzangayu? Wofulumira amakhulupirira dzanja lake, funso lachiwirilo salilabadira kwenikweni. Wodekha amayambira pa lachiwirilo.

WOULUTSA: Tationetseni bwinobwino zimene amachitazo. Akapanda kulowetsa, amamenyeranji?

MLENDO: Tiyerekeze kuti mipira yofiira yaunjikana kumtunda kwa tebulo ndipo palibe umene wayang'ana dzenje bwino. Woyera uli kumunsi. Wosewera amawerama, n'kumenya woyera kuti ukangokhudza wofiira wakunja kwa gululo pang'onong'ono, moti wofiirawo umasuntha mwina chala chimodzi. Woyera uja umapitirira kukagunda khoma lakumtunda, n'kugunda lam'mbali, n'kuuyamba ulendo wobwerera kumunsi, mamita atatu athunthu, ukuzemba wabuluu pakati pa tebulo, liwiro likuchepa, mpaka kudzaima kuseri kwa wobiriwira utatsamira khoma. Mnzake akadzuka pampando amapeza kuti sakuona wofiira ngakhale umodzi. Ayenera kuwombetsa woyera kukhoma kawiri kapena katatu kuti akakhudze wofiira. Akaphonya, mapointi osachepera 4 amapita kwa mdani wake, ndipo woyimbira akhoza kubwezera mipira pamene inali n'kumuuza kuti ayesenso. Akakhudza koma mwamphamvu, mipira imamwazika, wasiya khomo lotsegula. Kumenya kotereku amakutcha safety, ndipo kumubisira mnzako mpira chotero n'kumene kumatchedwa snooker.

WOULUTSA: Ndiye kubisirana kumeneku kukhoza kutenga nthawi yaitali bwanji?

MLENDO: Awiri odziwa ntchito akakumana, amatha kubwezerana chotero kwa mphindi 20 kapena kuposa, popanda mpira wolowa.

WOULUTSA: Bambo, pa pool yathu ija ena amakhala ataika kale ndalama m'mphepete mwa tebulo kudikira nthawi yawo. Ukachedwa amakukuwiza kuti menyani akulu, nafenso tisewereko. Mphindi 20 angakulandeni ndodo.

MLENDO: Angakulandenidi, chifukwa pamenepo nthawi ndi ya anthu onse amene ali pamzere. Koma mpikisano waukulu wa snooker anaukonza kuti ukhale wautali. Chikho cha dziko lonse chimaseweredwa ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield ku England kuyambira mu 1977. Chimatenga masiku 17. Fainolo yokha ndi ya masiku awiri, ndipo wopambana ndi amene wayamba kufika magemu 18. M'holomo mumalowa anthu osakwana 1,000, ali pafupi kwambiri ndi tebulo, onse ali chete. Mu 2025 wopambana anatenga mapaundi 500,000. Pamalo otere munthu sayesedwa luso lokha, amayesedwanso kupirira.

KANYIMBO KAKAFUPI.

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za snooker ndi mkangano wa ochemerera pa osewera ochedwa. Bambo, mkanganowu unayamba liti?

MLENDO: Unakula pamene snooker inatchuka pa kanema cha m'ma 1970 ndi 1980. Kunali Alex Higgins wa ku Belfast, wothamanga, wosakhazikika, amene anatenga chikho mu 1972 ndi mu 1982. Anthu ankamukonda kwambiri. Mbali inayi kunali anthu ngati Terry Griffiths wa ku Wales, amene anagwirapo ntchito yogawa makalata ndi ya ukondakitala wa basi asanakhale katswiri, n'kudzatenga chikho mu 1979 ulendo wake woyamba. Kunalinso Cliff Thorburn wa ku Canada, amene anamutcha The Grinder chifukwa ankapera mnzake pang'onopang'ono. Mu 1980 Higgins ndi Thorburn anakumana m'fainolo. Anthu ambiri m'holomo anali kwa Higgins, koma Thorburn anapambana magemu 18 kwa 16.

WOULUTSA: Wochedwa kugonjetsa wokondedwa wa anthu. Ndiye kuti chidani chinayambira pamenepo.

MLENDO: Zimenezi zakhala zikubwerezeka mpaka lero. Koma taonani zimene zinachitika mu 1983. Thorburn anakumana ndi Griffiths, ochedwa okhaokha. M'masewero amenewo Thorburn anapanga 147, munthu woyamba kuchita zimenezo ku Crucible. Mpira woyamba unalowa mwamwayi, koma yotsalayo anaisesa mmodzimmodzi, modekha, mpaka mnzake wa ku Canada, Bill Werbeniuk, amene ankasewera pa tebulo lina, anasiya gemu yake n'kumasuzumira. Wakuda womaliza utalowa, Thorburn anagwada pansi. Koma masewero omwewo anatha 3:51 m'bandakucha, Thorburn atapambana 13 kwa 12.

WOULUTSA: Pafupifupi 4 koloko m'mawa! Anthu amene anagula matikiti anabwerera bwanji kwawo?

MLENDO: Ili ndi dandaulo loyamba la gulu lanu, ndipo n'loona. Munthu walipira tikiti, ali ndi ntchito m'mawa, sitima yomaliza yamusiya. Wina ali kunyumba, tulo tamupeza asanaone mathero. Dandaulo lachiwiri n'lakuti achinyamata sangakopeke ndi masewero otere. Lachitatu, limene limawawa kwambiri, n'lakuti wochedwa amamuziziritsa dzanja wofulumira, ndiye anthu amene anabwera kudzaona luso amabwerera osaliona. Ndipo kupera kumamudyanso woperayo. Chaka chomwecho Thorburn anapambananso masewero ena awiri pa gemu yomaliza, 13 kwa 12 ndi 16 kwa 15, koma pofika m'fainolo anali atatheratu. Steve Davis anamukwapula 18 kwa 6.

WOULUTSA: Mwaona? Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

MLENDO: Akuluakulu omwewo anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Tamvani yankho la gulu linalo. Usiku umene snooker inaoneredwa ndi anthu ambiri ku Britain unali wa fainolo ya 1985, pakati pa Steve Davis ndi Dennis Taylor wa ku Northern Ireland, uja wovala magalasi aakulu okwera m'mwamba. Davis anatsogola 8 kwa 0. Taylor anabwerera mpaka zinafika 17 kwa 17. Gemu yomaliza inatenga mphindi 68, ndipo sinali yokongola ayi. Onse awiri manja anali kunjenjemera, ankabisirana, ankaphonya mipira imene tsiku lina akanailowetsa atatsinzina. Davis anali patsogolo 62 kwa 44, patatsala mipira inayi. Taylor analowetsa wabulauni, wabuluu ndi wapinki. Chikho chonse chinatsalira pa wakuda. Anayesa uyu, anayesa uyo. Kenako Davis anapeza mpata pafupi ndi dzenje lakumtunda, anthu n'kumati zatha, iye n'kuudula mopyoza. Taylor anaulowetsa, n'kukweza ndodo pamutu. M'fainolo yonseyo sanatsogoleko ngakhale kamodzi kufikira mpira umenewo. Pakati pa usiku panali patadutsa, koma anthu 18.5 miliyoni anali akuonerabe pa BBC2.

WOULUTSA: Komatu bambo, anthuwo sanakhale maso chifukwa chokonda kuchedwa. Anakhala maso chifukwa chikho chinali pa mpira umodzi.

MLENDO: Mwalasa. Ndiye kuti chimene chimatopetsa anthu si wotchi. Ola lathunthu limatha osalizindikira ngati kumenya kulikonse kuli ndi kanthu kamene kakupachikika. Ndipo mphindi zitatu zimatalika ngati ukuona kuti munthuyo akungodya nthawi. N'chifukwa chake ine ndimati ochemerera akamakangana za kuchedwa, amakhala akusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kuchedwa kwa gemu, kumene kumabwera chifukwa mipira yakhala movuta ndipo awiriwo akubisirana. Ndiye pali kuchedwa kwa munthu, pamene mpira uli poyera, aliyense akuona chochita, koma wosewera sakumenya.

KANYIMBO KAKAFUPI.

WOULUTSA: Tipatseni chitsanzo cha kuchedwa kwa munthu kumene mukunenako.

MLENDO: Masewero amene amatchulidwa nthawi zonse pa mkanganowu ndi a mu 2005, mu kotafainolo, pakati pa Peter Ebdon ndi Ronnie O'Sullivan. Kuti omvera amvetse, O'Sullivan ndi uja anapanga 147 m'mphindi 5 ndi masekondi 8 mu 1997, liwiro limene mpaka lero palibe walipitirira. Watenga chikho cha dziko lonse ka 7. Ebdon nayenso sanali munthu wamba, anatenga chikhocho mu 2002 atagonjetsa Stephen Hendry 18 kwa 17. Mu 2005 muja O'Sullivan anatsogola 8 kwa 2. Kenako Ebdon anayamba kuchedwa modabwitsa. Ankazungulira tebulo, kuwerama, kudzuka, kupempha woyimbira kuti apukute mpira woyera. Panthawi ina anatenga mphindi zoposa zisanu kuti apeze mapointi 12 okha.

WOULUTSA: Nthawi imene mnzakeyo anapezera 147!

MLENDO: N'zimene anthu anawerengera. O'Sullivan ali pampando anasokonezeka. Anafika pofunsa nthawi kwa munthu woonerera, anadzikanda pamphumi mpaka kutuluka magazi. Atapeza mpata pa tebulo dzanja linali litazizira. Ebdon anapambana 13 kwa 11.

WOULUTSA: Kumeneko si kubera bambo?

MLENDO: Mtolankhani Matthew Syed wa nyuzipepala ya The Times analemba kuti n'kubera, ndipo ochemerera ambiri anagwirizana naye. Ebdon anakana kuti sanachite dala, anati umo ndi mmene amaseweramo mtima ukakhala m'mwamba. Omuikira kumbuyo ankati palibe lamulo limene anaphwanya, ndipo ngati O'Sullivan analephera kukhala chete pampando, ndiye kuti mayeso amenewo anawalephera yekha. Malamulo amanena kuti wosewera akamatenga nthawi yopyola muyeso, woyimbira amuchenjeze, ndipo akapitiriza gemuyo ipite kwa mnzake. Koma satchula kuti muyesowo ndi masekondi angati. Zili m'manja mwa woyimbira, ndipo oyimbira sakonda kuti chikho chiweruzidwe ndi iwo. Ineyo pa nkhani ya 2005 ndili ndi gulu lanu. Nthawi ikamapita kukaganizira mipira, palibe mlandu. Ikamapita kukasokoneza mutu wa munthu amene ali pampando, woyimbira ayenera kulankhula.

WOULUTSA: Zikomo, tagwirizanako kamodzi. Nanga Mark Selby? Dzina limeneli ndi limene limabwera kawirikawiri masiku ano anthu akamadandaula.

MLENDO: Selby ndiye chitsanzo cha kuchedwa kwa gemu, ndipo m'pamene ndimasiyana nanu. Ndi wa mumzinda wa Leicester. Watenga chikho cha dziko lonse kanayi, mu 2014, 2016, 2017 ndi 2021. Okonda mpira wamiyendo akumbukira usiku wa pa 2 May 2016, pamene Chelsea inafanana mphamvu ndi Tottenham, Leicester City n'kukhala akatswiri a ligi ya England. Usiku womwewo, patangopita mphindi zochepa, Selby, amene amasapota timu yomweyo, anagonjetsa Ding Junhui wa ku China m'fainolo ku Sheffield. Ndipo anyamata a pa pool adziwe kuti mu 2006 munthu yemweyu anali katswiri wa dziko lonse wa pool.

WOULUTSA: Nanga amamudera chiyani?

MLENDO: Amamuda chifukwa sagonja ngakhale tsiku limene dzanja lake silikuyenda. Wosewera wina akaona kuti lero sizikumuyendera amangoyesa mwayi, n'kuluza mwachangu. Selby amasintha gemu. Amakankhira mipira yamtengo kukhoma kuti pasakhale wopeza mapointi ambiri nthawi imodzi, amabisa woyera, amatola mapointi 20 apa, 15 apo. Ngakhale atatsalira kwambiri moti mipira yotsala pa tebulo singamukwanire, amapitiriza kubisa kuti mnzake alakwitse n'kumupatsa mapointi. M'fainolo ya 2014, O'Sullivan, amene anali asanaluzepo fainolo ya dziko lonse, anatsogola 10 kwa 5. Selby anamukokera m'magemu aatali n'kupambana 18 kwa 14. Mu 2017 anali kumbuyo 10 kwa 4 kwa John Higgins wa ku Scotland, n'kudzapambana 18 kwa 15. O'Sullivan mwiniwake ndiye anamutcha The Torturer, kunena kuti ndi wozunza.

WOULUTSA: Ukaipa dziwa nyimbo.

MLENDO: Mwambiwo ukumukwana theka lokha, chifukwa munthuyu si woipa pa luso. Mu 2023 anapanga 147 m'fainolo ya dziko lonse, chinthu chimene palibe anachitapo m'mbuyomo. Ngakhale Thorburn uja, taona kuti ndiye anatsegula khomo la 147 ku Crucible. Anthu amenewa amadziwa kulowetsa. Chimene ali nacho choposa anzawo ndi njira yachiwiri ya tsiku loipa. Tsono ndikamamvetsera odandaula, ndimapeza kuti ambiri sakwiya chifukwa cha nthawi. Amakwiya chifukwa wokondedwa wawo wamangidwa pampando. Mukadzaona gemu yomweyo yaitali ikupambanidwa ndi amene amamusapota, muwamva akuti wasonyeza mtima wachamuna.

WOULUTSA: Komabe mu 2022 Selby yemweyo ndi Yan Bingtao anasewera gemu imodzi mphindi 85.

MLENDO: Zoona, ku Crucible komweko. Ndipo ilipo yoposa pamenepo. Mu April 2017, m'masewero odzigulira malo ku Crucible, Fergal O'Brien wa ku Ireland ndi David Gilbert wa ku England anali 9 kwa 9. Gemu yomaliza inatenga maola awiri, mphindi zitatu ndi masekondi 41. Nthawi imeneyo inali yoposa imene Dennis Kimetto wa ku Kenya anathamangira makilomita 42 ku Berlin mu 2014. O'Brien anapambana.

WOULUTSA: Ndiye mukufuna kundiuza kuti zimenezo n'zosangalatsa?

MLENDO: Sindinganame, ayi. Koma ndikufuna omvera aone chimene chinali pa tebulo. Kanema amationetsa akatswiri ochepa apamwamba, olemera. Pansi pawo pali osewera ambiri amene amadzilipirira maulendo ndi malo ogona, ndipo amene akatsika kupyola nambala 64 pa mndandanda akhoza kuchotsedwa pa gulu la akatswiri. Kwa munthu wotere, gemu imodzi ndiyo imanena ngati chaka chamawa akhale akusewera kapena akasake ntchito ina. Woonerera amafuna kusangalala usiku umodzi, wosewerayo akuteteza chakudya cha banja lake. Kumuuza kuti ayese mpira wokayikitsa kuti ife tiombe m'manja, n'kosavuta ukakhala pa sofa.

KANYIMBO KAKAFUPI.

WOULUTSA: Oyendetsa masewerowa achitapo chiyani pa madandaulo onsewa?

MLENDO: Bungwe la World Snooker Tour linayamba kufalitsa nthawi imene wosewera aliyense amatenga pa kumenya kumodzi, kuti aliyense aone. Othamanga ngati O'Sullivan ndi Thepchaiya Un-Nooh wa ku Thailand amakhala pansi pa masekondi 20. Ochedwetsetsa amakhala cha m'ma 30. Chodabwitsa n'chakuti Selby, amene amanenedwa kwambiri, nthawi zambiri si amene amakhala kumapeto kwa mndandandawo. Magemu ake amatalika chifukwa cha kuchuluka kwa kubisirana, osati chifukwa choima osamenya. Palinso lamulo lakuti mipira ikakhala moti palibe angasunthe kanthu, woyimbira amawapatsa mwayi woyambiranso gemuyo.

WOULUTSA: Bwanji osangoika wotchi, masekondi akatha wina amenye?

MLENDO: Anayesa m'mipikisano ina. Premier League ya snooker inali ndi wotchi ya masekondi 25, ndipo O'Sullivan anaitenga ka 10, kambiri wotchiyo ilipo, zimene zikuonetsa amene wotchi imamukomera. Palinso mpikisano wa Shoot Out. Masewero aliwonse ndi gemu imodzi ya mphindi 10. Mphindi zisanu zoyamba uli ndi masekondi 15 pa kumenya kulikonse, zisanu zomaliza masekondi 10. Oonerera amaloledwa kukuwa ndi kuimba. Kuyambira 2017 zotsatira zake zimawerengedwa pa mndandanda wa akatswiri, ndipo pamenepo gulu la odekha nalo linadandaula kuti imeneyo ndi juga, si snooker.

WOULUTSA: Ndiye kuti aliyense ali ndi chodandaula.

MLENDO: Ngakhale osewera okhaokha. Mu semifainolo ya 2020, O'Sullivan anagonjetsa Selby 17 kwa 16. Chakumapeto, Selby akamubisira mpira, O'Sullivan ankangomenya woyera mwamphamvu kuti zigwe mmene zigwere. Atatha masewero Selby anadandaula kuti kumeneko kunali kupanda ulemu kwa iye ndi kwa masewero. Taonani mmene zinatembenukira. Wodekha nayenso amaona kuti wofulumira akunyoza ntchito yake.

WOULUTSA: Koma pali mantha akuti odekhawa akamapambana, achinyamata onse atengera zomwezo, snooker n'kukhala yogonetsa tulo.

MLENDO: Zimene zikuchitika sizikusonyeza choncho. Mu 2023 chikho chinapita kwa Luca Brecel wa ku Belgium, mnyamata woyesa mpira uliwonse umene wauona, ndipo m'fainolo anagonjetsa Selby yemweyo, 18 kwa 15. Mu 2025 chinapita kwa Zhao Xintong, munthu woyamba wa ku China kuchitenga, nayenso wothamanga. Ndipo chimene chinakometsa fainolo ya Brecel n'chakuti anatsogola 16 kwa 10, Selby n'kutenga magemu asanu otsatizana. Aliyense ankadziwa mbiri ya Selby, ndiye palibe anachoka pa kanema. Brecel akanagonjetsa munthu wogonja msanga, chikho chikanakhala chomwecho, koma anthu sakanachikamba mmene amachikambira. Komanso Jimmy White, wokondedwa wa anthu kuposa ambiri, anafika m'fainolo ka 6 osapambana ngakhale kamodzi. O'Sullivan anafika pa 7 chifukwa, kuwonjezera pa liwiro, anaphunzira kubisa mpira. Mu 2004 anali ndi Ray Reardon, katswiri wakale wa zikho 6, akumulangiza mbali imeneyi, ndipo chaka chomwecho anatenga chikho.

WOULUTSA: Nthawi yathu ikutha bambo. Womvera amene adzapeze snooker pa kanema n'kuona mphindi zikupita mpira osalowa, achite chiyani asanasinthe tchanelo?

MLENDO: Achotse maso pa maenje, awaike pa mpira woyera. Aone pamene ukukaima, n'kudzifunsa kuti amene akudzuka pampandoyo wasiyiridwa chiyani. Akatero kangapo ayamba kuona amene akupanikiza mnzake, ngakhale mapointi asakusuntha, ndipo ayamba kulosera amene alakwitse poyamba. Kenako aone ngati wochedwayo akuchedwa pa mpira wovuta kapena pa wapoyera. Akachedwa pa wovuta, amupatse ulemu. Akachedwa pa wapoyera mobwerezabwereza, ali ndi ufulu wonse wodandaula, ndipo ine ndidzadandaula naye.

WOULUTSA: Ine bambo, mutandipatsa tikiti imodzi, ndingakaonerebe O'Sullivan.

MLENDO: Inenso mayi ndingapite nanu, bola amene akusewera naye akhale Selby.

WOULUTSA: Pamenepo tingakhale mipando yoyandikana koma mitima yosiyana.



WOULUTSA: Omvera, funso tikusiyirani ndi ili: kodi wotchi iikidwe pa masewero onse a snooker, ngakhale ku Crucible, kapena zisiyidwe m'manja mwa woyimbira monga zilili? Kambiranani kumene muliko, ndipo mutilembere maganizo anu kuti tidzawawerenge sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.

NYIMBO YOTSEKERA.